Musang'ambe tsamba la katuni chonde

Nyuzipepala kuno ku Mulanje ndi yodula, ndipo imodzi imazungulira anthu ambiri. Ikafika pa Chitakale kuchokera ku Blantyre, imayamba ndi mphunzitsi, kenako kwa ometa tsitsi, madzulo ili kwa telala. Ndiye bwanji munthu amang'amba tsamba la katuni n'kukulungira zitumbuwa? Zimandiwawa kwambiri.

Masamba a zotsatsa malonda ali mbwee, palibe amawakhudza. Koma amasankha penipeni pamene pali Amtchona, mafuta n'kufalikira pankhope pake, mawu a m'bokosi lomaliza osaonekanso. Chikhalirecho nthabwala yonse imagona m'bokosi lomalizalo!

Ena amati katuni ndi za ana. Ayi ndithu. Amene tinakula tikuwerenga Pewani wa Brian Hara tikudziwa kuti wojambula amanena ndi mizere yochepa zimene mtolankhani amazungulira nazo tsamba lonse: katangale, kukwera kwa mtengo wa feteleza, bambo wothera malipiro kumowa. Ngakhale agogo othyola tiyi ku esiteti, amene Chingerezi chimawavuta, amaona chithunzicho n'kuseka mpaka misozi.

Amayi ogulitsa mandasi, chonde, tengani tsamba lina. La katunilo tisiyireni.