Musatitseke pakamwa ndi "bola uli pa ntchito"

Abale anga, pali mawu amene ndatopa nawo, ndipo lero ndiwanena poyera. Munthu akangoyamba kufotokoza mmene ntchito ikumuwawira, asanamalize n'komwe wina amamudula: "Iwe bola uli pa ntchito, anzako a madigiri akungokhala pakhomo." Makolo amatero, akumpingo amatero, ngakhale mnzako wodyera naye mbale imodzi amateronso. Ndipo si bodza kuti ntchito zikusowa. Tonse tinaona mmene achinyamata anathamangira mwayi wokagwira ntchito m'minda ya ku Israel kumapeto kwa 2023, nkhondo ili mkati. Pafupifupi banja lililonse lili ndi wake amene anakwera basi ya ku Joni asakudziwa kuti akagona pati. Koma kusowa ntchito kwa mnzanga sikupoletsa bala la amene ali pa ntchito yomudya. Awa ndi mavuto awiri, ndipo tisamakwirire lina ndi linzake.

Ine ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina kuno ku Blantyre, choncho ma payslip ndimawaona mwezi ndi mwezi. Pamwamba pamakhala ndalama yooneka bwino. Kenako msonkho wa PAYE udula yake, penshoni idula yake, ngongole ya ku banki, ya ku SACCO, kathumba ka maliro ka pa ofesi. Yotsalayo ikamafika mu akaunti imakhala itagawidwa kale mumtima: lendi, mayunitsi a magetsi, fizi ya mwana, thumba la chimanga, mankhwala a agogo kumudzi. Pofika pa 10 munthu wayamba kale kuwerenga ya minibasi. Muime m'mawa kwambiri pa msewu wochokera ku Ndirande kutsikira ku Ginnery Corner, muone abambo ndi amayi ovala bwino akuyenda wapansi mwandawala, ena nsapato za ku ofesi zili m'jumbo kuti zisathe msanga. Amenewo ndiye amene timawauza kuti athokoze n'kukhala chete.

Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Sopo, shuga, mafuta ophikira, mtengo wa minibasi, zonse zinakwera m'masiku ochepa. Malipiro a anthu ambiri anatsalira, ena anasuntha pang'ono patapita miyezi. Munthu akamagwira ntchito yomweyo, maola omwewo, koma ndalama yake osakwananso kugula zimene ankagula dzana, kudandaula kwake si kusayamika. Akungonena zimene thumba lake likumuuza.

Komabe ndaona kuti chimene chimathyola anthu mtima kwambiri ndi kunyozeka. Ndalama yochepa munthu amaipirira ngati akumupatsa ulemu. Koma bwana kumakukalipira pamaso pa makasitomala ngati ndiwe kamwana, iwe uli ndi ana ako ku sekondale, zimalowa mpaka m'mafupa. Kuphunzitsa ntchito munthu wobwera kumene, chaka chisanathe n'kumva kuti wakwezedwa kukhala bwana wako chifukwa ndi mphwake wa uje kapena ndi wakwawo kwa uje. Kupempha chilolezo chopita kumaliro a malume ako n'kufunsidwa kuti, "Kodi abale ako sakutha?" Kulandira uthenga pa gulu la WhatsApp la kuntchito 10 koloko usiku, m'mawa n'kuzazidwa kuti bwanji sunayankhe. Ndiye pali chimene alongo athu amakumana nacho, chimene ambiri amangomeza: bwana kumuuza mtsikana kuti kontirakiti yake idzapitirira pokhapokha akakumane naye ku loji. Mtsikana wotere akabwerera kunyumba maso ali ofiira, mayi ake n'kumuuza kuti apirire poti ntchito ikusowa, ndiye kuti tamupereka tokha.

Mkwiyo wotsekeredwa sutha, umangosamukira kwina. Bambo amene wameza chipongwe tsiku lonse amakafikira kukalipira ana pa zinthu zopanda pake. Wina amayamba kudzera pa bala asanafike kunyumba, poyamba Lachisanu lokha, kenako tsiku lililonse. Wina amalowa m'zobetcha za mpira akuyembekeza kuti tikiti imodzi idzamutulutsa pa ntchito yomusautsayo, mapeto ake n'kugwa m'manja mwa a katapila. Ena BP imakwera ali ndi zaka 35. Ndipo enafe tonse timalipira nawo. Kalaliki wokuuzani kuti "bwerani mawa" osakuyang'anani kumaso, namwino wokalipira mayi amene akubuula ndi ululu, ambiri a iwo sanayambe ntchito ali otero. Sindikuwaikira kumbuyo, kuzunza wodwala n'kulakwa basi. Koma munthu amene anasiya kalekale kumvedwa amasiyanso kumva anzake.

Ndiye choyamba chimene ine ndimauza aliyense wobwera kwa ine ndi nkhawa za kuntchito n'chakuti akhale pansi asiyanitse: pa zimene zikukuwawazi, ndi ziti zimene abwana ako ali nawe ngongole mwalamulo? Chifukwa zambiri zimene timaziona ngati tsoka lathu, malamulo a dziko lino anaziletsa kale. Ndime 31 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994 imati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi motetezeka, kulandira malipiro oyenera, komanso kulowa m'bungwe la anthu apantchito. Lamulo la Employment Act la mu 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, opitirira pamenepo ndi ovataimu yofunika kulipidwa. Limati wogwira ntchito masiku 5 pa sabata ali ndi tchuthi cholipidwa cha masiku 15 pa chaka, wa masiku 6 pa sabata ali ndi masiku 18. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 a tchuthi akulandira malipiro ake onse. Bwana sangakuchotse ntchito popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati akuti walakwa, ayenera kuyamba wakupatsa mpata woyankhapo. Za bwana wa ku loji uja, lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 linanena momveka kuti ndi mlandu.

Pa penshoni ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene anthu amaberedwa mwakachetechete. Chiyambire 2011 olemba ntchito amayenera kuika 10 peresenti ya malipiro anu ku thumba la penshoni, inu n'kuikapo 5 peresenti. Alipo mabwana amene amadula 5 peresentiyo pa payslip koma osaitumiza, ndipo a Reserve Bank akhala akudandaula za nkhani imeneyi kwa zaka. Inu mumaona kuti adula, mumtima n'kumati zikusungidwa, tsiku lopuma pa ntchito n'kukapeza mulibe. Pitani kwa amene amasunga penshoni ya pakampani panu, kaya ndi Old Mutual kaya NICO kaya ena, mukapemphe sitetimenti. Ndi ndalama yanu, simukupempha chifundo.

Ndikudziwa yankho limene ambiri muli nalo: "Nanga ndikalankhula n'kundichotsa, ana adya chiyani?" Mantha amenewo ndi enieni ndipo sindiwapeputsa. Milandu ku khoti loona nkhani za apantchito la Industrial Relations Court, kaya ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, imatha kutenga nthawi, pamene lendi sidikira. N'chifukwa chake sindiuza munthu kuti akamenye tebulo la bwana ali yekha. Sungani mapepala anu onse, kalata yokulembani ntchito, ma payslip, makalata a chenjezo, mauthenga a pa foni. Lembani m'kabuku maola a ovataimu, tsiku ndi tsiku. Ofesi ya Leba ya m'boma lanu imapereka uphungu ndipo imatha kuitana abwana kudzakambirana nkhani isanafike ku khoti. Ndipo mutu umodzi susenza denga: dandaulo losainidwa ndi anthu khumi silitayidwa m'bini mmene limatayidwira la munthu mmodzi. Ngati pantchito panu pali yuniyoni, lowani, muzipita kumisonkhano, osangoikumbukira tsiku limene mwalandira kalata yokuimitsani.

Pali gulu linanso limene sindigwirizana nalo, la aja otilalikira pa Facebook kuti ntchito yolembedwa ndi ukapolo, siyani lero muyambe bizinesi. Ambiri mwa iwo sadzakhalapo tsiku limene landilodi adzagogoda. Wosiya yekha ntchito salandira severance allowance, ija imaperekedwa munthu akachotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena akachotsedwa mopanda chilungamo. Ndipo bizinesi m'dziko limene ndalama zakunja zimasowa, mafuta a galimoto n'kumachita kugonera pa mzere, si malo othawirako uli ndi mkwiyo koma wopanda mpamba. Ngati mtima wanu unachoka kale pantchitopo, konzekerani kutuluka mwadongosolo. Lowani banki mkhonde, yambani kageni kanu Loweruka, phunzirani luso lina madzulo kapena kudzera m'sukulu za TEVETA, tumizani makalata ofunsira ntchito kwina mudakali pompo. Kudziwa kokha kuti muli ndi khomo lina limene mukulitsegula pang'onopang'ono kumachepetsa kulemera kwa Lolemba m'mawa.

Tsono pali mbali ina imene khoti kapena yuniyoni singakupatseni, ndiyo kukhutira mumtima. Apa ndimaganiza za mayi anga aang'ono, mphunzitsi wa ku pulayimale amene anayamba ntchito nthawi imene maphunziro aulere anayamba mu 1994, ana atadzaza masukulu mpaka kumaphunzirira pansi pa mitengo. Aphunzitsa Sitandade 1 ndi 2 pafupifupi moyo wawo wonse, kalasi ya ana oposa 100, choko chochita kugawana. Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akudula katoni ya sopo m'tizidutswa, pa kachidutswa kalikonse akulemba ndi makala: ba, be, bi, bo, bu. Anandiuza kuti m'kalasi mwawo muli kamtsikana kamene kakhala miyezi kosatsegula pakamwa, ndiye m'mawa wa tsiku limenelo kanalumikiza kokha "ba" ndi "mbo" n'kufuula kuti "bambo!", kalasi yonse n'kuwomba m'manja. Ankafotokoza maso akuwala, zala zili bii ndi makala.

Mayi omwewa, pamene aphunzitsi ananyanyala ntchito mu 2017 pofuna ndalama zawo za tchuthi, ananyanyala nawo. Mu 2021 pamene bungwe la Teachers Union of Malawi linkafuna ndalama za chiopsezo cha Covid-19, anali pomwepo. Anthu ena ankati mphunzitsi wokonda ana sanyanyala. Ine ndimaona kuti iwo anazindikira chinthu chimene ambirife chimatisokonekera: ana a m'kalasi ndi ena, wowalemba ntchito ndi wina. Chikondi chawo chimapita kwa anawo, ndipo kumeneko n'kumene amapeza chimwemwe. Kwa wowalemba ntchito amafunako chilungamo, ndipo sachita manyazi kuchifuna. Sanalole kuti kuchedwa kwa malipiro kuwadanitse ndi kamtsikana kaja, komanso sanalole kuti kukonda kamtsikana kaja kukhale chifukwa chowadyera masuku pamutu.

Si ntchito iliyonse imene ili ndi kamtsikana kofuula "bambo". Yanga ilibe. Manambala akagwirizana kumapeto kwa mwezi ndimamva bwino, ndipo ndimanyadira kuti mlonda ndi wokonza m'maofesi alandira ndalama zawo zosaperewera ngakhale kwacha imodzi chifukwa ndaonetsetsa ineyo. Koma sindiyembekeza kuti ofesi indipatse zonse zimene mtima wanga ukufuna. Zina ndimazipeza ku kwaya Lachitatu madzulo. Zina ndimazipeza Loweruka pamene ana a Fomu 4 a m'dera lathu amabwera pakhomo kuti tiwerengere limodzi masamu a MSCE. Kumeneko palibe amene amandifunsa giredi yanga ya kuntchito. Vuto ndi lakuti tinaleredwa kuti munthu ndi udindo wake, moti tikakumana pa ukwati funso loyamba ndi "Muli kuti masiku ano?" Munthu akaika ulemu wake wonse pa mpando wa ku ofesi, bwana akangomunyoza amamva ngati wathera pomwepo, ndipo akapuma pa ntchito amasowa chodzukira m'mawa. Ndikaweruka ndimazimitsa data ya foni ya kuntchito. Abwana anakwiya poyamba, kenako anazolowera, ndipo kampani sinagwe.

Kwa amene zafika poti tulo sakupeza, chakudya sichikulowa, kapena maganizo odzichotsera moyo ayamba kubwera, chonde musadikire kuti zithe zokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira, pitani ku chipatala cha boma chapafupi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ovutika maganizo, ndipo kupitako si misala. Amuna anzanga makamaka, ife ndi amene timafa nazo mumtima poopa kuoneka ofooka.

Ndisanasiye, ndilankhule ndi ife tomwe amene timadandaula za mabwana. Ambirife tikaweruka timakakhala mabwana kunyumba. Kuli mtsikana amene amadzuka 4 koloko kutenthetsa madzi osamba, n'kugona aliyense atagona, Lamulungu lomwe ali pa ntchito. Kuli mlonda amene amachezera pa geti usiku wa mu Juni ndi kajekete kong'ambika. Malipiro athu akachedwa masiku awiri timalemba pa Facebook, koma a iwo timati "udikire kaye, zinthu zavuta" mpaka mwezi wina kulowa. Tsiku lopuma pa sabata ndi tchuthi cha pa chaka chija lamulo linawapatsanso iwo, ndipo ofesi ya Leba imene ndakulozerani ija imalandiranso madandaulo awo.