Chenjezo kwa anyamata a m'magalaja: lekani kuononga zida zenizeni za magalimoto akale

Ana anga amene mukugwira ntchito m'magalaja ku Joni, ku Cape Town, ngakhale inu muli ku UK uko, tandimverani pang'ono, wakutsina khutu ndi mnansi. Ine sipanala ndaigwira zaka zambiri, ndipo zochuluka mwa zakazo ndinali pa galaja ina ku Johannesburg komwe timakonza magalimoto akale aja othamanga a mipando iwiri, ma MG, ma Jaguar, ma Austin-Healey, mwa apo ndi apo kumabweranso Porsche. Pano maso anafooka ndinapuma, koma zomwe ndikumamva za inu zikundiwawa mumtima ndiye ndati ndilankhule basi.

Vuto lanu chilichonse chakale mumachiona ngati zinyalala. Mukaona kachitsulo kachita dzimbiri pang'ono mwathamangira kale ku bini, mwaoda chatsopano pa intaneti chonyezimira, mwamanga, kenako mukujambula kuika pa Facebook kuti taonani ntchito. Imeneyo si ntchito ayi, kumeneko ndi kuononga katundu wa mwini.

Ndikuuzeni zomwe ndinaona ndi maso angawa chaka changa chomaliza. Kunabwera mayi wina wachikulire ndi Jaguar E-Type ya 1962, anamusiyira ndi malemu amuna ake, amangofuna tiione mabuleki ndi magetsi kuti aziyenda nayo Lamulungu. Mnyamata wina wakwathu komwe, wakhama ndithu ndipo ndimamukonda, anapatsidwa ya magetsiyo. Ine ndapita kukatenga ma sipeya, pobwera ndikumva gurayinda ikulira mkati mwa galimoto. Ndinaponya zonse pansi kuthamanga koma ndinachedwa. Ma E-Type oyambirira aja a injini ya 3.8 pakati pa dashibodi ndi potsikira ku giya pamakhala aluminiyamu wa timadonthomadontho, iyeyo anali atamudula kale kuti alowetse wayilesi yamakono ya Bluetooth, ati kufuna kusangalatsa kasitomala. Timaphuthu ta aluminiyamu tili mbwee pa kapeti. Nditatsegula buti ndinapeza kachikwama kazida kaja kulibe, kachikwama kokulunga kakuda konunkha oyilo wakale, mkati mwake masipanala olembedwa Jaguar, ati anakataya chifukwa kanali kong'ambika ndipo amati agula seti yabwino ku shopu. Tinakafukula mu bini ya sikirapu madzulo omwewo, kachikwamako tinakapeza koma masipanala awiri sanaonekenso mpaka lero.

Mayi uja atabwera sanakalipe, anangogwira pomwe panadulidwapo ndi chala, nakhala pansi pa mpando wa pulasitiki osalankhula. Ine mutu unali pansi. Mnyamata uja ntchito inatha sabata yomweyo, ndipo chinandipweteka kwambiri nchoti abwana kuyambira pamenepo akamva kuti wofuna ntchito ndi Mmalawi amayamba kaye akayika, pomwe ife tinavutika zaka kumanga dzina loti ndife anthu okhulupirika pa ntchito.

Safunsa anadya phula ana inu. Mukanafunsa mukanadziwa kuti pa galimoto ngati imeneyi mtengo sukhala pa penti yowala, umakhala pa zomwe inatuluka nazo ku fakitale. E-Type inaonetsedwa koyamba ku Geneva mu 1961, ndipo zoyamba zenizeni pafupifupi 500 zinali ndi zotsekera boneti za kunja, tizitsulo tiwiri tating'ono m'mbalimu, koma anthu odziwa akationa timeneti mtengo wa galimoto umasinthiratu. Pa kapuleti ka galimotoyo pamalembedwa nambala ya galimoto, ya bodi, ya injini ndi ya giyabokosi, ndipo ogula amafuna manambalawo agwirizane ndi zomwe zili m'mabuku a Jaguar Daimler Heritage Trust, bungwe losunga mbiri ya magalimoto a Jaguar lomwe limapereka satifiketi. Ngakhale tizida ta magetsi ta kampani ya Lucas timakhala ndi deti yomwe tinapangidwa yodindidwa pa chitsulo, ndiye wodziwa amangowerama ndi tochi nkuona kuti koyilo iyi kapena jenereta iyi si ya nthawi ya galimotoyi. Mawotchi a Smiths pa dashibodi, makabuleta a SU, zonsezo zimakonzeka, alipo amisiri amene ntchito yawo ndi imeneyo yokha. Inu mukuzitaya bwanji?

Koma osasamala ndi ena, pali gulu lina lomwe ndikufuna ndilidzudzule kwambiri, inu amene mwayamba geni yogulitsa zafeki nkumati ndi orijino. Inuyo mukudziwa chomwe mukuchita. Mumagula chiwongolero chotsanzira cha mtengo wotsika, chodindidwa dzina la Nardi, kampani yopanga ziwongolero ya ku Italy, mwachikwecha pang'ono kuti chioneke chakale, mwachipaka oyilo wakuda, nkukamuuza munthu kuti chinachokera ku Turin zaka 60 zapitazo. Mumachita chimodzimodzi ndi mabaji, magalasi a nyali, mpaka timapepala tomata mu injini. Kumeneko ndi kuba, musakutchule dzina lina. Ndipo amene afika pomadinda manambala atsopano pa injini kuti igwirizane ndi mapepala, dziwani kuti imeneyo ndi nkhani ya apolisi, mudzathera m'ndende m'dziko la eni abale anu kumudzi akudikira ndalama ya feteleza.

Musaganize kuti azungu ogula magalimotowa ndi ogona. Tengani Austin-Healey 100M, ku fakitale anapanga 640 zokha mu 1955 ndi 1956, koma chifukwa ili ndi mtengo anthu ambiri akhala akutenga 100 wamba kuiika boneti ya mipata ija ndi lamba wachikopa pamwamba nkumati ndi 100M. Wogula wanzeru amangolembera ku British Motor Museum ku Gaydon komwe amasunga mabuku a fakitale, satifiketi ikabwera imanena yokha ngati galimotoyo inatuluka ndi boneti imeneyo kapena ayi. A Ferrari anachita kutsegula nthambi yawoyawo ku Maranello mu 2006, Ferrari Classiche, ntchito yake kufufuza galimoto chidutswa ndi chidutswa asanapereke buku lawo lofiira. Ndiye iwe mwana wa dzulodzuloli ndi sandipepa wako ukuganiza upusitsa anthu amenewa?

Nkhani ya ndalama tiisiye kaye, pali ya moyo yomwe imandisowetsa tulo. Marimu a Fuchs aja a pa Porsche 911, anayamba pa 911S mu 1966, kampani ya Otto Fuchs ku Germany imawasula, aluminiyamu amachita kupsinjidwa ndi makina amphamvu, nchifukwa chake ndi opepuka koma olimba, akagunda dzenje kawirikawiri amapindika osati kusweka. Otsanzira ambiri ndi ongothira mu chikombole, kunja kukongola chimodzimodzi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Alipo otsanzira opangidwa bwino, sindikukana, koma alipo ena osadziwika komwe achokera omwe amang'aluka, ndipo galimoto imeneyi si yoyenda ngati ngolo. Tembenuzani rimu muone kumbuyo, yeniyeni imakhala ndi nambala ya sipeya, deti ndi chizindikiro cha kampani, mukapanda kuziona musamuuze munthu kuti ndi Fuchs.

Chimodzimodzi mawilo a masipoko aja a pa MG ndi Jaguar omangidwa ndi nati imodzi yaikulu ya makutu pakati. Mbali ya kumanja mazinga ake ndi opita kumanzere, mbali ya kumanzere ndi opita kumanja, anachita dala kuti galimoto ikamayenda natiyo isamasuke, ndipo pa nati yeniyeni analembapo mbali yake ndi kamuvi kosonyeza komasulira. Munthu wosadziwa akasinthanitsa mahabu, kapena kugula nati yotchipa ya chitsulo chofewa, wilo limatha kuchoka galimoto ili pa liwiro. Ndipo natiyo imamenyedwa ndi hamala ya kopa kapena ya chikopa, osati chihamala chanu chachitsulo chomwe mumaphwanyira makutu ake.

Tsono musandimve molakwa ngati ndikuti chilichonse chakale chikhale pomwepo. Matayala okalamba chotsani ngakhale mapanga ake akuoneka atsopano, mapaipi a labala a mabuleki ndi a petulo sinthani, ma lainingi akale a mabuleki ambiri anali ndi asbestos ndiye osapemerera fumbi lake ndi kompuresa, limaononga mapapo. Sipeya yopangidwa masiku ano si tchimo, ngakhale bodi yonse ya MGB yatsopano ilipo, British Motor Heritage inayamba kuzipanga mu 1988 pogwiritsa ntchito zikombole zakale zomwe zija. Mwini MGB ya mabampala a labala aja anayamba mu 1974 chifukwa cha malamulo aku America akafuna muike a kromu, ikani, galimoto ndi yake. Chomwe ndikukana ine ndi kuchita osafunsa mwini, ndi kubisa.

Musanamasule kanthu jambulani ndi foni yanu yomweyo. Chomwe mwachotsa, kaya ndi sikuluu, kaya ndi wayilesi yakufa ya Becker, ikani mu katoni, lembani tsiku ndi pomwe chinachoka, mumupatse mwini m'manja pobwera kudzatenga galimoto. Pa invoisi lembani poyera kuti ichi ndi chenicheni chokonzedwa, ichi ndi chotsanzira. Ndipo dirilo kapena gurayinda isayandikire dashibodi, chitseko kapena boneti mwini asanavomere ndi pakamwa pake, wayilesi yamakono imatha kubisika pansi pa mpando kapena mu kabokosi ka kutsogolo popanda kuboola paliponse.

Galimoto ya mayi uja tinayesetsa, abwana anaitanitsa panelo ina kuchokera ku England ndi ndalama za galaja, inatenga miyezi iwiri kuti ifike. Inakwana bwinobwino koma timadontho take sitinafanane ndi ta mbali zinazo, kuwala kwake kunali kwina. Mayiyo anapempha kuti yodulidwa ija timupatse, ndinaikulunga ndekha mu nyuzipepala nkuiika mu buti pambali pa kachikwama kazida kaja.