Bala la galu musamalipime ndi maso

Makolo anzanga, ndi inu achinyamata, pali mphwayi ina imene sindingaikhalire chete. Mwana walumidwa ndi galu, inu mwayang'ana bala, mwati ndi kakang'ono, mwapukuta magazi ndi kansalu, basi. Mwana wanuwanu?

Kachilombo ka chiwewe sikasowa bala lalikulu. Kamalowa ndi malovu a galu, ngakhale pokalika chabe, n'kumakwawa m'mitsempha kudzera kumsana mpaka kukafika mu ubongo. Ulendowo umatenga miyezi 2 kapena 3, nthawi zina sabata imodzi, nthawi zina chaka. Bala lapola, aliyense waiwala. Kenako mwana wayamba kutentha thupi, pachipsera paja pakuyabwa ndi kuchita dzanzi. Mukamupatsa madzi, khosi likumangika, akukankha kapu uku ludzu likumupha. Zikafika apo palibe dokotala amene angamubweze, pafupifupi onse amamwalira. Chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 padziko lonse chaka chilichonse, ndipo mwa omwalira 10 aliwonse, 4 ndi ana osakwana zaka 15. Chonsecho katemera anayamba kupulumutsa anthu mu 1885, m'manja mwa wasayansi wa ku France, Louis Pasteur! Tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo jakisoni mumalize onse. Wina amabayitsa mmodzi n'kuthawa, ati zandikwana. Nanunso eni agalu, galu wosabayitsa katemera mukumusungiranji?

Ndibwere kwa inu odana ndi chimbudzi. Munthu akadya nyama ya nkhumba yosapsa bwino, yokhala ndi timatuza toyera, m'mimba mwake mumakula njoka yaitali yaphanthiphanthi. Mazira ake amatuluka ndi chimbudzi. Iyeyo akadzithandiza patchire, kapena akatuluka osasamba m'manja n'kugwira chakudya cha anzake, wina amameza mazirawo. Mwa womezayo, timphutsi timaboola matumbo, timayenda ndi magazi, n'kukamanga timatuza mu ubongo. Papita zaka, munthu amene anali bwinobwino wayamba kugwa khunyu. Mvetsani apa: ngakhale amene sanalaweko nkhumba chibadwire akhoza kudwala, chifukwa cha uve wa mnzake. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati kumene njoka imeneyi yafala, odwala khunyu 30 mwa 100 aliwonse gwero lake ndi lomweli. Kodi kusamba m'manja ndi sopo kumathyola mkono?

Za malungo mukuzidziwa kale, koma mumachitabe dala. Mwana watentha thupi madzulo, mukuti tione mawa. Tizilombo ta malungo timatseka timitsempha ta magazi mu ubongo, mwana n'kukomoka, ndipo ena opulumuka amatsala ndi khunyu kapena mutu wosagwira za kusukulu. Poliyo naye amawononga mtsempha wa m'msana: mwa anthu 200 otenga kachilomboka, mmodzi amapuwala mpaka kalekale. Mankhwala ochiza kulibe, koma inu mukubisa mwana obaya katemera akafika.

Ndipo mwana akayamba kuphupha, chonde lekani kumukanikiza supuni m'kamwa kapena kumumwetsa madzi, mudzamutsamwitsa. Mugonekeni chammbali, chotsani zimene zingamupweteke, ndipo akakhala kuti watenthanso thupi, khosi lauma kapena sakukuzindikirani, nyamukani naye usiku womwewo.