Mtsogoleri wa zokambirana m'Nyumba ya Malamulo amatumikira ndani?

Ndikamapita kuntchito m'mawa ndimadutsa pafupi ndi nyumba yakale ya malamulo kuno ku Zomba, m'munsi mwa phiri. Ana ambiri a masiku ano sadziwa n'komwe kuti malamulo a dziko lino ankapangidwira mmenemo. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, aphungu anapitirizabe kukumana konkuno mpaka 1994. Dzulo ndikumvera zokambirana za aphungu pa wailesi, ndinamva a Sipikala akuitana mtsogoleri wa zokambirana, yemwe pachingerezi amati Leader of the House, kuti anene zomwe nyumbayo ikambirane. Ndinadzifunsa kuti kodi ndi angati mwa ife amene timadziwa mphamvu zomwe munthu ameneyu ali nazo?

Ambiri timadziwa a Sipikala chifukwa ndi amene amaletsa phokoso. Timadziwa mtsogoleri wa mbali yotsutsa boma chifukwa amalankhula mokweza. Koma amene amasankha kuti bilu iyi ilowe lero, iyo idikire mwezi wamawa, nduna yakuti ikayankhe mafunso tsiku lakuti, ndi nduna imene yapatsidwa udindo wotsogolera ntchito za boma m'nyumbamo. Ali ngati mayi wogwira chipande. Ndiwo sanagule ndi iye, koma amene adye nyama ndi amene anyambite msuzi amadziwa ndi iyeyo.

Udindowu sitinaupange ife. Tinautengera ku London pamodzi ndi ndodo ya Sipikala ndi mikanjo ija. Ku Britain, kwa zaka zambirimbiri, nduna yaikulu ikakhala phungu wa m'nyumba ya malamulo yotchedwa Commons inkatsogolera yokha zokambirana. Zinasintha chifukwa cha nkhondo. Mu December 1916, David Lloyd George atakhala nduna yaikulu nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, anaona kuti sangathe kuyendetsa nkhondo kwinaku akukhala m'nyumba tsiku lonse, ndiye anasiyira ntchitoyi Andrew Bonar Law. Pa nkhondo yachiwiri Winston Churchill anachitanso chimodzimodzi mu 1942, pomwe anaupereka kwa Stafford Cripps, kenako kwa Anthony Eden chaka chomwecho. Kuchokera apo udindowu unakhazikika kukhala wa nduna yapadera. Kumeneko mpaka lero, Lachinayi lililonse nyumba ikamakumana, nduna imeneyi imaimirira n'kulengeza za sabata yotsatira, ndipo phungu aliyense amatha kuifunsa chifukwa chake nkhani ya kwawo sikupatsidwa nthawi.

Koma taonani kusiyana kwake. Ku Britain nduna yaikulu ndi phungu, imakhala momwemo, ndipo Lachitatu lililonse imayankha mafunso pamaso pa anzake. Mtsogoleri wa zokambirana kumeneko amangoipeputsa katundu. Kwathu kuno Pulezidenti si phungu. Malamulo a 1994 amati angathe kuitanidwa kukayankha mafunso, ndipo a Lazarus Chakwera anapitadi mu 2020, koma zimenezi sizichitika tsiku ndi tsiku. Choncho masiku ambiri nkhope ya boma m'nyumbamo ndi nduna imodziyi. Udindo umene kwa eni ake ndi wothandizira, kwa ife ndi mlatho waukulu pakati pa boma ndi aphungu.

Nyumba ya ku Zomba ija inaonapo nthawi imene mtsogoleri wa boma ankaima yekha pamaso pa aphungu. Pa 8 ndi 9 September 1964, patangotha miyezi iwiri tilandire ufulu, a Kamuzu Banda ali nduna yaikulu anabweretsa okha nkhani yoti aphungu aonetse kuti akuwakhulupirira, atangochotsa pa unduna a Orton Chirwa, a Kanyama Chiume ndi a Augustine Bwanausi. A Henry Chipembere, amenenso anali nduna, anabwerera kuchokera ku Canada n'kudzalankhula atakhala ku mipando ya kumbuyo ya aphungu wamba. Agogo anga, amene ankagulitsa nthochi mumsika wa Zomba nthawi imeneyo, ankati tauni yonse inali zii, aliyense khutu lili kumtunda. Zotsatira zake tikuzidziwa. Pofika 1966 chipani chinali chimodzi, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi atatu kukonza zokambirana kunalibe vuto chifukwa panalibe wokana. Ntchito yeniyeni ya udindowu inayamba kuoneka mu 1994, m'nyumba mutalowa zipani zitatu zosagwirizana.

Amene tinali ndi mawailesi mu 2007 ndi 2008 tikukumbuka za gawo 65 la malamulo a dziko, lokhudza aphungu osintha zipani. Boma la a Bingu wa Mutharika linali ndi aphungu ochepa, otsutsa ankati tiyambe ndi nkhani ya aphungu osintha zipani, boma linkati tiyambe ndi bajeti. Miyezi inatha anthu akukangana za chimene chiyambe kukambidwa. Mkangano wonsewo unali pa ndandanda ya zokambirana basi, koma unagwedeza malipiro a aphunzitsi, mankhwala m'zipatala ndi makuponi a feteleza. Ndi pamene ine ndinazindikira kuti wogwira ndandanda wagwira dziko pakhosi.

Maganizo anga ndi awa. Nduna imeneyi ili ndi mabwana awiri, boma limene linaisankha ndi nyumba imene ikuitsogolera, ndipo bwana wachiwiriyu timamuiwala. A Kondwani Nankhumwa anaugwirapo udindowu m'boma la DPP, a Richard Chimwendo Banda anaugwira m'boma la a Chakwera, ndipo sindikuloza chala munthu mmodzi, chifukwa chizolowezi chimene chimandipweteka chadutsa m'maboma onse. Malamulo a nyumbayo amati bilu izikhala masiku 28 aphungu akuiwerenga isanakambidwe. Koma kangati tamva mbali ya boma ikupempha kuti masikuwo achotsedwe, makamaka pa mabilu otenga ngongole kunja? Bilu yafika m'mawa, madzulo yadutsa, aphungu ena sanatsegule ndi tsamba loyamba lomwe. Ngongoleyo adzabweza ndi mwana wanga amene ali Sitandade 5 pano. Phungu wa ku Chingale kapena ku Likangala angapite liti kukafunsa anthu ake maganizo awo ngati pepala walilandira tsiku lomwelo?

Ndikudziwa kuti pamagwa zadzidzidzi. Namondwe Freddy atagwetsa nyumba ndi milatho kuno kummwera mu 2023, palibe akanafuna kuti thandizo lidikire masiku 28. Koma ngongole ya msewu imene akhala akuikambirana kwa chaka chathunthu si ngozi, ndipo kuibweretsa sabata yomaliza aphungu atatopa, maso ali kunyumba, n'kuwamana dala mpata woifufuza. Chimodzimodzi mafunso a aphungu kwa nduna. Funso la mjigo wowonongeka limatha miyezi lili pa ndandanda chifukwa nduna yoyenera kuyankha sinabwere, ndipo amene ayenera kuikoka kuti ibwere ndi mtsogoleri wa zokambirana yemweyo.

Tsopano aphungu akwana 229, kuchoka pa 193, koma maola a tsiku sanawonjezereke. Nthawi yolankhula ichepa, ndipo wogawa nthawiyo mphamvu zake zikula. Ine ndikufuna kuti sabata iliyonse nduna imeneyi iziimirira, kunena poyera za sabata yamawa, n'kulola aphungu a mbali zonse kuifunsa, ndipo ndandandayo iziwerengedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka kuti ifenso a ku Chinamwali ndi ku Matawale tiziyimbira phungu wathu bilu isanadutse.