Mutu uliwonse si malungo, funsani wodwalayo kaye

Lero ndakwiya ndipo sindibisa. Achemwali anga akhala akuvutika ndi mutu kuyambira ali mtsikana. Dzulo unawagwiranso, mbali imodzi yokha ikugunda ngati ng'oma, akusanza, osafuna kuona kuwala ngakhale kwa foni. Alamu anawatengera ku kachipatala kena kolipira komwe kali kufupi ndi kwathu. Anawabaya chala, zotsatira n'kutuluka kuti malungo palibe. Mukudziwa chomwe anawapatsa? LA. Ati mwina malungowo abisala, ingomwani. Anawonjezerapo Panado, kenako bilu. Palibe anawafunsa kuti mutuwo unayamba liti, umapweteka mbali iti, umatenga nthawi yaitali bwanji, kapena ngati kubanja kwathu kuli wina wodwala chimodzimodzi. Funso ndi limodzi lomwe ayi.

Abale anga, mutu uliwonse si malungo. Ndibwereze kuti a kumbuyo amve: mutu uliwonse si malungo! Mwayeza nokha, kachipangizo kanu komwe kakuuzani kuti palibe, ndiye LA akubwera kudzatani? Ngati simukukakhulupirira, maikulosikopu alipo, yezaninso magaziwo. Kuyambira 2010 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti munthu ayezedwe kaye asanapatsidwe mankhwala a malungo, ndipo kuno kwathu timayezera pachala m'zipatala zing'onozing'ono zomwe. Kuyezako cholinga chake n'chakuti ngati si malungo, mufufuze china. Si mwambo wongochita kuti bilu ikwere. Chloroquine tinamusiya mu 1993 atatha mphamvu, Fansidar n'kutsatira mu 2007. LA ndi amene tikudalira pano, ndipo inu mukumumwaza kwa munthu wopanda malungo pomwe kwinakwake mwana akutentha thupi mankhwala atatha pashelefu.

Zomwe achemwali anga amadwala zili ndi dzina. Ndi mutu waching'alang'ala, ndipo agogo athu omwe ankaudziwa. Ndi matenda a mu ubongo ndi mitsempha yake. Umabwera n'kupita, ndipo ukagwira umatha kukhala maola 4 mpaka 72. Kawirikawiri umagunda mbali imodzi, umachititsa nseru, munthu amadana ndi kuwala komanso phokoso, ndipo akangoti awerame kapena akwere chitunda ululu umawonjezeka. Ena usanayambe amaona timizere tothwanima m'maso, kapena mbali ina ya chimene akuyang'ana imachita mdima, ena dzanja limachita dzanzi kwa kanthawi. Umagwira amayi kuposa abambo pafupifupi katatu, ambiri nthawi ya msambo, ndipo umayenda m'magazi a banja. Kusagona, kukhala ndi njala, nkhawa, mowa, dzuwa loswa mtengo, zonsezi zimatha kuudzutsa.

Tsono imvani apa, chifukwa ndi pamene pandipsetsa mtima. Mutu umenewu suoneka m'magazi. Suoneka pa X-ray. Ngakhale mutagulitsa mbuzi zonse n'kupita kukajambulitsa mutu ku Blantyre kapena ku Lilongwe, sikani siikuuzani kuti uwu ndi waching'alang'ala. Umadziwika pofunsa wodwala basi. Kufunsa ndiko kuyeza kwake. Chida chake ndi khutu la dokotala, ndipo khutu silifuna magetsi, silifuna forex, silidikira kuti mankhwala afike kuchokera kunja. Ndiye munthu wovala gauni yoyera akalephera kufunsa mafunso asanu, walephera chiyani china ngati si ntchito yonse?

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma kuno amene akudyetsedwa phulalo ndi wodwala.

Ndikudziwa, mizere ndi yaitali ndipo ogwira ntchito ndi ochepa. Koma apa panali polipira, ndipo pabenchi panalibe munthu wina.

Nanga za Panado? Tikumuona ngati switi. Mutu ukangoti pang'ono, mwana thamanga kuokala ukagule awiri. Mawa awiri ena. Palibe amene anatiuza kuti munthu akamamwa mankhwala opha ululu ngati Panado, Bufeni kapena asipirini masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yoposa itatu, mankhwala omwewo amasanduka oyambitsa mutu. Umadzuka nawo m'mawa, umamwa piritsi, umaleka pang'ono, madzulo wabwerera. Munthu amaganiza kuti matenda akukula pomwe akuwadyetsa yekha. Ndipo Panado ali ndi malire: munthu wamkulu asapitirire magalamu 4 patsiku, omwe ndi mapiritsi 8 a 500 mg, apo ayi chiwindi chimaonongeka. Bufeni womwa tsiku ndi tsiku, makamaka m'mimba mulibe kanthu, amabweretsa zilonda zam'mimba ndi kupweteka impso. Wina akanafunsa kuti mayi, pamwezi mumamwa masiku angati, akanazigwira izi. Koma ndani akufunsa?

Chonsecho chithandizo chilipo. Munthu amene mutu waching'alang'ala umamugwira pafupipafupi amatha kupatsidwa mankhwala omwa tsiku lililonse kuti uzibwera mwa apo ndi apo. Amitriptyline ndi propranolol ndi mankhwala akalekale, otsika mtengo, odziwika m'zipatala zathu. Koma nawonso safuna kungolemba. Propranolol sapatsidwa kwa munthu wa mphumu. Udziwa bwanji kuti ali ndi mphumu ngati sunamufunse? Mayi amene amaona zothwanima m'maso mutu usanayambe sayenera kumwa mapiritsi olera aja a mphamvu ziwiri, chifukwa amawonjezera chiopsezo cha sitiroko, ndipo njira zina zolerera zilipo zambiri. Udziwa bwanji ngati sunafunse? Paliponse pamene ndagwira pankhaniyi ndikubwerera pomwepo: funsani munthuyo, mumveni, kenako mulembe.

Ndipo achemwali anga ndi amwayi, wawo ndi wozunza koma sukupha. Taganizirani amene mutu wake ndi belu la chinthu choopsa. Munthu wabwera thupi likutentha, khosi lauma, sakutha kugunditsa chibwano pachifuwa: amenewo akhoza kukhala matenda oumitsa khosi, ndipo amatha kupha tsiku limodzi. Munthu yemwe ali ndi HIV, makamaka amene anasiya ma ARV, mutu ukumupweteka sabata yathunthu ndipo ukungokulirakulira: pali bowa wina amene amalowa mu ubongo, ayenera kuyezedwa msangamsanga, ndipo ambiri tawaika m'manda atamwa LA. Mayi woyembekezera mutu ukuwawa, maso akuchita chidima, nkhope ndi manja zatupa: BP yake iyezedwe pompopompo asanayambe kukomoka. Mnyamata wagwa pa kabaza wopanda chisoti, wadzuka n'kumaseka, patapita masiku mutu sukuleka, akusanza, akungosinza: magazi akhoza kukhala akutuluka mkati mwa chigaza. Gogo amene sanadandaulepo za mutu moyo wake wonse, lero wayamba. Bambo amene mutu wamuwomba kamodzin'kamodzi, ululu woti sanaumvepo chibadwire, kapena pakamwa papotoka, mkono wafooka, mawu akutuluka mosokonekera. Onsewa amalowa pakhomo limodzi ndi mawu amodzi akuti mutu ukundipweteka. Chimene chimawasiyanitsa ndi mafunso, kugwira khosi, kuyang'ana m'maso ndi kumanga kachipangizo ka BP pamkono. Ukawapatsa onse LA ndi Panado, wina mwa iwo ukumutumiza kukafera kunyumba.

Za BP zomwezo, kafukufuku wa boma wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi muno BP yake ndi yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Kuyeza sikutenga mphindi ziwiri. Achemwali anga sanayezedwe.

Inunso odwala, tsegulani pakamwa. Mwalipira ndalama, kapena mwalipira kale kudzera m'misonkho. Akakuuzani kuti malungo palibe koma imwani LA, funsani kuti chifukwa chiyani. Tengani kope, muzilemba tsiku limene mutu wayamba, mbali yake, maola amene watenga, zomwe munadya kapena kusadya, ngati munali kumwezi, ndi mapiritsi angati amene mwamwa. Popita kuchipatala nyamulani kopelo pamodzi ndi buku lanu la kuchipatala, muliike patebulo. Ulemu tiziupereka ndithu, koma ulemu si kugwedeza mutu pa chilichonse uku mutuwo ukung'ambika.

Ndisaiwale inu a kunyumba, chifukwa nanunso mwanditopetsa. Mayi wadzitsekera m'chipinda, watchinga mawindo, wamanga duku mothinitsa, akubuula, inu muli pakhonde kumati ayambanso ulesi wawo uja, akuthawa kuphika. Apongozi akuti masiku athu mutu sunkagonetsa munthu. Abwana kuntchito akudula malipiro ati mutu si matenda. Wailesi ili pamwamba, ana akumenya chitseko kufuna nsima, bambo ali phee pa foni. Kuthira madzi mumphika simungathe kwa tsiku limodzi? Ena akangoona kuti mutu ukubwerabwera, basi amulodza, mayi uja n'kumutengera kokatemedwa mphini m'mbali mwa maso ndi lezala limene latema kale anthu ena m'mawa womwewo. Kenako mukuloza chala gogo wa kuseri kwa nyumba, yemwe sakudziwa kanthu, mpaka ana kumamugenda.