Chitseko chikalendewera, konzani, osamangochimenyetsa

Dzulo ndinakwera lole ya matani atatu kuchokera ku Mitundu kupita m'tauni ndi matumba anga a mtedza. Nditakhala kutsogolo n'kufuna kutseka chitseko, dalaivala akuti, "Bambo, chinyamuleni kaye m'mwamba, kenako muchimenyetse." Ndinachinyamuladi, n'kumenyetsa kawiri, osatseka. Kachitatu chinatseka pamodzi ndi chala changa. Panopa chikhadabo chada bii, ndikulemba ndi dzanja limodzi, ndipo mtima sunatsike.

Eni malole, chitseko chikayamba kulendewera si nkhani ya mphamvu. Mahinji atha. Pini ya hinji ndi mabushi ake (timphete timene pini imalowamo) zadyeka, chitseko chatsika, loko sakukumananso ndi chokolera chake. Mungamenyetse mpaka galasi kusweka, sichikwera chokha. Inde misewu yathu ndi ya maenje, fumbi limalowa m'mahinji, anyamata amatsamira pachitseko pokwera, zonsezo tikudziwa. Nanga ndiye tiziphwanyika zala?

Chimene chikundipsetsa mtima n'choti ntchito yake ndi yochepa. Tsegulani chitseko, gwirani kumapeto kwake, mutukule. Chikagwedera, mahinji apita basi. Makaniki amachirikiza chitseko ndi jeke ndi kathabwa, amakhoma pini yakale n'kuitulutsa, amaika mabushi atsopano, pini yatsopano, girisi pang'ono. Tsiku silitha. Pitani kwa amakaniki a ku Biwi kapena ku Ndirande mukafunse nokha ngati ndikunama. Koma ayi, munthu alolera kumanga chitseko ndi linya chaka chathunthu, n'kumaphunzitsa aliyense wokwera katsekedwe kake ngati ndi luso. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lero ndi mabushi, mawa ndi loko, mkuja chitsulo chogwira mahinji chang'ambika, ndiye muzikalira kwa owotcherera. Mphira wa m'mbali nawo watha, mvula ikubwerayi muzinyowa muli m'kati. Nanga chikadzatseguka pokhota pali mwana pampando?

Dalaivala uja ndinamufunsa. Anangoti, "Abwana amadziwa." Amadziwa! Ndalama za tsiku amawerengera mpaka K50 yomaliza, koma chitseko chimene wantchito wawo amalimbana nacho m'mawa mpaka usiku sachiona. Kudziwa n'kukhala chete ndiye kuipa kwakeko.

Nanunso amakaniki ena mumanditopetsa. Munthu wabwera ndi chitseko cholendewera, inu mungomasula chokolera n'kuchitsitsa kuti chizitseka, kapena kulowetsa chibawuti chilichonse m'malo mwa pini, ndalama m'thumba. Pakatha milungu iwiri chayambiranso. Mahinji simunawakhudze, ndiye mwakonza chiyani?

Komanso lole yomweyo ili ndi masipika atsopano, nyimbo phokoso mpaka mpando kunjenjemera, ndi nyali zamitundumitundu kutsogolo. Za zimenezo ndalama zinapezeka.