Ana inu ndi mafoni anuwa, tabwerani kuno ndikutsineni khutu

Ndakhala ndikungoyang'ana kwa nthawi yaitali koma lero ayi ndiyankhula, kaya mukwiya kaya mundibuloka izo ndi zanu.

Sabata yatha ndinagwira foni ya mwana wa mchemwali wanga, kamnyamata ka zaka 12, mawu sikanayambe n'kusintha komwe. Pa akaunti pake kanalemba kuti kanabadwa 1999, chithunzi n'cha galimoto ya eni ake, dzina nalo lobwereka. Ndikufunsa kuti iwe ichi n'chiyani, iko kakuyankha kakuseka, "aaa malume aliyensetu amatero". Ndipo apo pokha sikananame. Facebook, Instagram, TikTok onsewa amati munthu akhale ndi zaka 13 kuti atsegule akaunti, koma pakhomopo mlonda wake ndi wogona, umangosankha chaka chomwe wakonda basi walowa. Chinandiwawa kwambiri n'choti anamutsegulira ndi mayi ake omwe, ati kuti asamawasokose. Ndiye mwana waphunzira tsiku loyamba lomwelo kuti kunoko bodza ndiye kiyi, mawa mudzadabwa chiyani akadzayamba kukopera homuweki yonse ku ChatGPT, pulogalamu ija yolembera munthu mayankho, kapena kudyera anthu ndalama ponamizira kugulitsa foni yomwe alibe?

Sindikunena kuti ana a lero ndi oipa kuposa ife, ifenso tinali ndi zathu zomwe sitingazinene pano. Akatswiri a ubongo amati mbali ya kuseri kwa mphumi, ija imauza munthu kuti dikira kaye taganiza, imamaliza kukhwima munthu ali cha m'ma 25. Koma mbali yofuna kutamandidwa ndi anzako ija imakhala itadzuka kalekale. Ili ndi vuto la nyengo zonse. Chasintha n'choti ife tikachita zopusa ankationa anthu atatu, pofika mawa aiwala, pomwe inu mwanyamula khamu lonse m'thumba likukuwomberani m'manja usiku ndi usana. Ma like akachuluka pa kavidiyo kopusa mawa umafuna kopusa kuposa pamenepo, ndi mmene ana amafikira podzikanyanga pakhosi mpaka kukomoka ati chalenji, ena osadzukanso.

Chinanso, manyazi amakhala m'maso. Mnzako ukumuyang'ana sungamunene mawu ena ake, pakamwa pamalemera. Pafoni palibe nkhope, sukumuona akugwetsa misozi, umangolemba n'kuponya foni pabedi kukhala ngati sunachite kanthu. Ndaonapo mtsikana waulemu wake wogwada popereka madzi koma zomwe amalemba mu gulupu usiku, eeh, munthu kutseka maso.

Mumati gulupu ndi yachinsinsi eti? Mu 2017 yunivesite ya Harvard ya ku America inalanda malo ana osachepera 10 omwe inali itawatenga kale, chifukwa cha zithunzi zonyoza anthu zomwe ankatumizirana mu gulupu yawo yachinsinsi pa Facebook. Mwana wavutika zaka zonsezo kuwerenga, malo kupita chifukwa chofuna kuseketsa anzake. Za Snapchat zoti chithunzi chimafufutika chokha musandiuze, wina amangotenga foni ina n'kujambula sikirini, chakhala mpaka kale.

Tsono imvani iyi makamaka anyamata inu. Kamtsikana kokongola kosakadziwa kakulowa mu inbox, moni wambiri, kukutamanda, tsiku lomwelo kayamba kutumiza zithunzi kenako kakuti nawenso tumiza chako uli buno. Chikomekome cha mkuyu chimenecho. Kuseriko kulibe mtsikana, kuli zibambo zomwe ntchito yake ndi yomweyi, ndipo ukangotumiza mawu amasintha pompo, akuonetsa mndandanda wa abale ako ndi anzako akusukulu, akuti tumiza ndalama apo ayi tifalitsa. Mu July 2024 kampani ya Meta, eni ake a Facebook ndi Instagram, inalengeza kuti yatseka maakaunti a Instagram pafupifupi 63,000 a ku Nigeria okha omwe ankachita zimenezi. Tangoganizani, dziko limodzi lokha. Pali ana adzipha ndi manthawa usiku umodzi wokha, makolo ali mtulo chipinda chinacho. Zikakuchitikira usalipire chifukwa ukalipira kamodzi abweranso, usafufute mauthengawo ndi umboni, mubuloke ndipo kadzutse munthu wamkulu ngakhale ili 2 koloko usiku.

Apa ndiye makolo anzanga ndili nanu. Mwana amabisa chifukwa akudziwa kuti akaulula mbama ndi kulandidwa foni, ndiye amasankha kumvera chigawenga kusiyana ndi kukuuzani inu. Mukalipa pambuyo, choyamba mupulumutseni. Ku Australia anachita kukhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa ana osafika zaka 16 kukhala ndi maakauntiwa, chabwino, koma lamulo lingatani ngati wolemba chaka chabodza ndi mayi ake, ndipo bambo naye patebulo maso ali pafoni kufowada nkhani zabodza zomwe sanaziwerenge n'komwe?

Kamnyamata kaja tinakhala pansi akaunti tinatseka, kandikwiyira mpaka lero moni kakungoyankha ndi mutu. Zilibe kanthu. Mayi akewo ndiye sindinathane nawo, Loweruka ndikupita komweko.